Katochi ka a Yonasi Kamene Kanagwera M'nyanja

Alamu anga a Yonasi si munthu woumira. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa mukamva zimene anachita ndi katochi kawo mudzafuna kuwaweruza msanga, ndipo ine sindilola kuti wakunja awanene. Kuwanena ndi ntchito yanga. Ndine Neusa, mng'ono wa akazi awo a Lidiya, ndipo kwathu ku Chiwanga mlamu amaloledwa kuseka mlamu wake mpaka nthiti zitawawa.

Anabadwira ku Nkholongwe nkhondo ili mkati. Za ubwana wawo sakamba kawirikawiri. Chimene tikudziwa nchakuti anakhala nthawi yaitali akubisala m'tchire kumtunda ndi azakhali awo, kumene mwana akayatsa ngakhale kachikuni ankalandira khofi, chifukwa kuwala kunkaitana mfuti. Kenako anaoloka pa bwato kupita ku Likoma. Kumeneko anakulira m'nyumba za eni, kudyera m'mbale za eni, kuvala zimene ana a eni asiya. Ndi kumenekonso kumene anaphunzira ntchito ya maboti kwa mkulu wina amene ankawatuma kusungunula phula. Mtendere utabwera anabwerera, nkupeza malo a makolo awo akulimidwa ndi anthu ena. Sanakangane ndi munthu. Anangonyamula nyundo ndi sompho nkumayenda m'madoko kufunsa amene boti lake likulowa madzi.

Ntchito yawo ndi yogwada. Boti likakokeredwa pamchenga iwo amalowamo, nkulowetsa mutu pansi pa matabwa okhalapo asodzi, kumene kumakhala mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Amafufuza mng'alu, kukhomeramo thonje, nkumata phula. Zaka zambiri ankaunikira m'menemo ndi kachidutswa ka galasi loonera nkhope, kukapendeketsa uku ndi uku kuti kabe kuwala kwa dzuwa. Kukachita mitambo ankangopapasa ndi zala. Asodzi kuyambira ku Chiwanga mpaka ku Metangula amawaitana kuti fundi, kutanthauza mmisiri, ndipo boti limene iwo amata, mkazi wa mwini wake amagona tulo.

Atakwatira a Lidiya anadzakhala kwathu monga mkamwini. Nyumba anamanga ndi manja awo, koma dothi lake ndi la mayi anga a Anastazia. Mango ndi a mayi, chinangwa ndi cha mayi, ngakhale mwana wawo Gina mwa mwambo wathu ndi wa kuchikazi. Sindinawamvepo akudandaula. Ndi mayi ankasunga ulemu uja wakale wa mkamwini ndi apongozi: osayang'anizana, osadyera pamodzi, akakumana panjira mmodzi kupatukira kutchire. Akafuna kulankhulana ankadzera mwa munthu wina, ngakhale onse ali pabwalo limodzi ndipo akumvana bwinobwino. Achinyamata a masiku ano amaseka zimenezi, koma mayi ankazinyadira. A Yonasi akabweretsa nsomba, mudzi wonse unkadziwa kunona kwake. Akapaka boti penti, mayi ankaima panjira kuuza anthu kuti ntchito imeneyo ndi ya mkamwini wawo. Kwa amayi anzawo a mpingo ku Msumba ankanena poyera kuti mwa akamwini onse a m'dera lino, wodziwa ulemu ndi wawo yekha.

Katochi kaja anakagula pa baraka ya a Hilal, kasitolo ka mumsika wa ku Metangula. Kanali kachitsulo, kakuda, kotalika ngati chala chapakati, ka chingwe chokoloweka m'khosi. Sikankafuna mabatire, kankadya moto wa sola ngati foni, ndipo madzi sikankawaopa. Ukakanikiza kankawala kuti mbee, ukakanikizanso kankachepetsa, ukabwerezanso nkuyamba kuphethira mofulumira. A Hilal anawafotokozera kuti kuphethirako nkwa munthu amene wasokera, kapena amene injini yamufera pakati pa nyanja, kuti omufuna amuone ali patali. Papepala lake panali chithunzi cha mzungu ali yekhayekha pamwamba pa phiri. A Yonasi sanasokerepo, ndipo phiri sakwera, koma pansi pa matabwa a boti katochiko kankaonetsa mng'alu woonda ngati tsitsi. Anakakonda mopitirira muyeso. Ndinawaonapo akukapukuta ndi nsonga ya malaya ngati akupukuta mwana wachimfine.

Tsoka linabwera Lamulungu lina masana, titangochokera kutchalitchi. Mayi anaona chinkhanira chikulowa kuseri kwa mtsuko m'nyumba mwawo. Nyumba ya mayi ndi yakale, ya kawindo kamodzi kolowa dzanja lokha, moti masana m'katimo ndi usiku. A Lidiya anabwereka katochi kwa amuna awo, tinalowa, chinkhanira tinachipha. Mayi anatuluka katochi kali m'manja, akukatembenuzatembenuza. Pabwalo panali amayi anzawo a mpingo amene anadzamwa thobwa, ndipo a Yonasi anali atakhala chapatali pansi pa mango, atapereka msana.

"Lidiya," anatero mayi mokweza, "kanyali ka amuna akoka nkabwino. Ndaona ngodya za nyumba yanga zimene ndinaziona komaliza tsiku lomanga."

Kwathu munthu wamkulu sapempha. Akayamikira chinthu chili m'manja mwake, pamaso pa mwini wake, wapempha kale, ndipo yankho lake ndi limodzi: katengeni. Tonse tinadikira mawu amenewo. Ine ndinali nditayamba kale kukonza pakamwa kuti ndilulutire. A Yonasi anakanda m'mutu, anayang'ana nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi phazi lawo, kenako anayankha.

"Mayi a Gina, muwauze amama kuti ako nkogwiragwira ndi phula, sikoyenera iwo. Ndiwagulira kawokawo, katsopano, ka m'pepala."

Mayi anaomba m'manja mwaulemu, amayi a mpingo aja anati ameneyu ndiye mkamwini, ndipo katochi kanabwerera m'khosi mwa mwini wake. Yankholo linali lokoma kumva, ndipo ndikhulupirira kuti iwo eni ankaganiza kuti mawa lomwelo nkhani itha. Koma lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane.

M'mawa mwake anapalasa njinga mpaka ku Metangula. A Hilal anawalandira ndi manja awiri, koma atamva chimene abwerera anapukusa mutu.

"Akabo, fundi, timatochi tatha. Katoni inali imodzi yokha, ndipo totsala anatenga asilikali a pamadzi aja tsiku limodzi. Mubwere semana ya mawa, ndaitanitsa ku Nampula."

Semana ndi sabata, koma semana ya mawa ya a Hilal ndi yaitali kuposa chaka cha anthu ena. Anapitanso, anauzidwa kuti galimoto yafera panjira. Anapitanso, katundu anali atafika, koma munali matochi aakulu apulasitiki, ofiira, aja amawala lero ngati mwezi nkufa mkuja. A Hilal anawanyengerera kuti atenge imodzi, poti nkhalamba sisiyanitsa. A Yonasi anakana, ndipo apa ndinawavomereza, chifukwa kupatsa apongozi chinthu chotsika kuposa chimene wavala m'khosi ndi chipongwe. Tsiku lina foni inalira kuti tochepa tafika, abwere msanga. Iwo anali ku Nkholongwe, mutu uli pansi pa boti la munthu, phula lili pamoto. Pofika pa baraka anapeza tatha. Kena anatenga shehe wina amene ankanyamuka ulendo, kena namwino, kena a Hilal sanakumbuke kuti anapatsa ndani.

"Zinthu izi zili ngati usipa, fundi," anatero a Hilal. "Lero wadzaza thandala, mawa ngakhale fungo."

Mpaka ku Lichinga anafikako. Anakwera shapa, minibasi ya kuno, atavala kamalaya kopyapyala ka kunyanja, nkukazungulira msika wonse mano akugundana ndi mphepo ya kumapiri, akuonetsa katochi kawo kwa wogulitsa aliyense. Ena anati kanalipo mwezi watha, ena anati kabwera mwezi wa mawa, mmodzi anafuna kuwagula kawo komweko. Anabwerako ndi chimfine ndi kathumba ka mbatata ya kachewere ka mayi.

Nthawi yonseyi katochi kawo kanali kakulendewera pachifuwa, ndipo anthu ali ndi maso. Kudoko asodzi ankati akawaona akuunika, nkufunsa kuti ka apongozi kafika liti. Ine ndinkawafunsa m'mawa uliwonse m'malo mwa moni. Mayi okha sanafunsepo, koma njinga ikamveka kuchokera ku Metangula ankatuluka kukasesa pakhomo posesa kale. A Yonasi ankaziona zimenezo. Anayamba kutsika njinga akadali kutali, nkuikankha mwakachetechete kudzera kuseri kwa nyumba.

Tsiku lina ndili pakhonde pawo ndikusankha usipa, ndinamva a Lidiya akuwauza m'nyumba.

"Bambo a Gina, ingowapatsani kanuko nkhani ithe. Kanu mudzagula kakadzapezeka."

"Nanga kakadzapanda kupezeka?"

Ine panjapo ndinasiya kuseka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu uyu kuyambira ali mwana sanakhalepo ndi chinthu chimene wina sangabwere nkunena kuti ndi changa. Nyundo anasiyiridwa, njinga anagula pamodzi ndi akazi awo, mthunzi umene amakhalapo ndi wa mtengo wa mayi. Kachitsulo kameneka kokha ndiko anakasankha yekha, nkukalipira yekha, nkukavala pathupi. Sindikuti anachita bwino. Ndikungoti ndinamva chimene chinkawagwira dzanja.

Patapita masiku anabwera kuchokera kudoko m'khosi mulibe kanthu, nkhope ili yakugwa. Anati ankayesa boti pa madzi akuya, anawerama, chingwe chinaduka. Anati anakaona kakutsika kakuwalabe, kakucheperachepera mpaka kuzimirira, ndi tinsomba tikukatsatira. Bodza la munthu wosazolowera kunama limachuluka zokometsera, koma tsiku limenelo palibe amene anakayika. Asodzi anawapepesa. A Lidiya analira pang'ono. Mayi anagwira tambala wawo wofiira, anamumanga miyendo, nkundituma.

"Ukawauze bambo a Gina kuti pepani. Za kanga aiwale. Kakapezeka ayambe agula kawo, chifukwa iwo nkantchito, ine nkongoonera zinkhanira."

Ndinakanena mawuwo monga anandiuzira. A Yonasi analandira tambala ndi manja awiri, maso ali pansi, nkunena zikomo wosamveka. Nkhukuyo itaphikidwa sanaidye. Anati m'mimba simuli bwino.

Anabwerera ku kagalasi kawo kakale. Ankagwada pansi pa matabwa kusaka dzuwa, mitambo ikabwera nkumapapasa, ndipo boti lina anachita kulibwereza chifukwa mng'alu wina unawadutsa. Ku baraka ya a Hilal sanasiye kupita. Mayi tsopano anapeza nkhani yatsopano youza amayi a mpingo: mkamwini wawo wataya kake, koma akupalasabe njinga padzuwa kufunafuna ka apongozi. Ankainena nkhaniyi paliponse, pachitsime, pamaliro, potuluka m'tchalitchi. A Yonasi ikawapeza ankachoka pamalopo ngati aitanidwa.

Kenako inafika nyengo yofolera. Kunja kunatentha, mitambo inayamba kusonkhana kutsidya, ndipo denga la a Yonasi linali litatha. Tsiku lofolera nyumba ya mkamwini sasankha ndi mkamwini. Achimwene athu a Jaime, amene ndi mwini mbumba, anangodzuka m'mawa wina nkunena kuti lero, poti anthu alipo ndipo udzu tinamweta kale. A Yonasi anayesa kuzemba. Anati luzi ndi lochepa, a Jaime anawaonetsa mtolo wonse. Anati ali ndi boti lowadikira, a Jaime anati boti silinyowa ndi mvula kuposa mmene limanyowera kale. Anati ndiye ayambe okha kusasula udzu wakale anthu asanafike, koma akunena choncho amuna anali atayamba kale kukwera.

Chimene chinawamaliza ndi malo amene mayi anasankha kukhala. Anabwera ndi mphasa yawo nkuyala kumbali ya kum'mawa, pamthunzi wa mango, pafupi penipeni ndi khonde, kuti aziviika luzi m'madzi ndi kutipatsira. Mkamwini sangakwere denga mbali imene apongozi ake akhala pansi pake, kuti aziwayang'ana pamutu miyendo ili tang'a. Zimenezo sizichitika. Choncho a Yonasi anapatsidwa mbali ya kumadzulo, a Jaime anatenga ya kum'mawa. Ine ndinkaponya mitolo ya udzu, ndipo ndinadabwa kuona alamu anga akusuzumirasuzumira pamwamba pa denga ngati nkhuku yofuna poikira.

"Alamu," anandiitana chapansipansi, "tawauzani amama asunthire uko, fumbi liwalowa m'maso."

Ndinakanena. Mayi anati fumbi la udzu analiyamba a Yonasi asanabadwe, asadandaule. Patapita kanthawi anandiitananso, akuti dzuwa lifika pamenepo posachedwa. Mayi anati likafika asuntha. Ndinawaseka alamu anga kuti chikondi cha apongozi chawakwera m'mutu lero. Thukuta linali likuyenderera m'khosi mwawo, ndipo sanandibwezere nthabwala, zimene sizinachitikepo.

Chakudza sichiimba ng'oma. A Jaime anakoka udzu wakale wa m'mphepete mwa khonde, ndipo kanthu kokulungidwa m'pepala la shuga kanatsetsereka, kanagunda nsungwi, nkugwa pansi. Kanagubuduka pang'ono nkuima pa mphasa ya mayi, pafupi ndi bondo lawo. Mmene kankagunda nsungwi ndi pansi muja kanakanikizika kangapo, moti m'pepalamo munayamba kuphethira. Masana dzuwa lili phwee, kanthu kali phethi phethi phethi, kuitana anthu kuti adzaone pamene kali.

Panalibe wofunsa kuti nchiyani. Tonse tinkakadziwa. Ndipo tonse tinkadziwa kuti chinthu chogwera m'nyanja sichidzikulunga m'pepala, sichidzimanga ndi luzi mfundo ya fundi, sichikwera denga. Anthu anali ambiri, achibale ndi anansi, ena mwa amayi a mpingo aja ali pomwepo ndi mitolo pamutu. Ine amene ndimaseka ngakhale pamaliro ndinasowa poyang'ana. Manyazi anandigwira ngati wabisa ndine, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. A Jaime anatsala atagwira udzu m'manja. Kuseri kwa denga sikunamveke ngakhale kupuma.

Mayi anapukuta manja pa chitenje, anatola kaphukusiko, anamasula luzi bwinobwino osadula, nkutulutsa katochi. Kanali koyera, kopanda ngakhale fumbi, kooneka kuti mwini wake ankakayendera ndi kukadyetsa moto mobisa. Anakanikiza mpaka kanazima. Kenako anandipatsa, osakweza mawu.

"Neusa, kawapatse alamu ako. Uwauze kuti katundu wawo wapezeka."

Atatero anatola luzi lina nkuliviika m'madzi, ndipo anauza a Jaime kuti afulumire, mitambo sidikira.

Ndinazungulira nyumba. A Yonasi anali atakhala pa phaso, mutu uli pakati pa mawondo. Ndinaimika dzanja, iwo anatambasula lawo osandiyang'ana, nkuponya katochi m'thumba la buluku. Ntchito inapitirira, koma nyimbo zimene tinkaimba m'mawa sizinabwererenso. Nthawi ya thobwa amuna onse anatsika, iwo anakana. Nthawi ya chakudya anakananso. Anakhala padenga padzuwa tsiku lonse, akumanga udzu mothina kuposa mmene udzu umafunira, ndipo anatsika anthu onse atabalalika. Denga limenelo mpaka lero silidontha.

Nkhani inafika kudoko iwo asanafikeko. Asodzi ena ankati akataya mbedza, nkuuzana kuti akayang'ane padenga la fundi. Zimenezo a Yonasi anazipirira, poti kusekedwa ndi amuna anzako kumatha. Chimene sichinkawagonetsa chinali mayi. Anatuma a Lidiya kukapereka katochi, mayi anakabweza. Anatuma a Jaime, kanabwereranso. Mayi Lamulungu lotsatira sanapite kutchalitchi ku Msumba, anati bondo likuwawa, ndipo tonse tinadziwa kuti bondo lake ndi amayi a mpingo amene anawadyetsa nkhani ya mkamwini wabwino miyezi yonse ija.

Pamapeto pake anabwera okha. Unali m'mawa, ine ndi mayi tikusenda chinangwa choviika kuseri kwa khitchini. Tinamva munthu akukhosomola kuseri kwa mpanda wa udzu, kenako mawondo akugunda pansi.

"Alamu a Neusa, muliko?"

"Ndiliko, alamu."

"Muwauze amama kuti ndinalakwa. Ndinanama. Sikanagwere m'nyanja, ndinabisa ndine. Ndinadya manyazi, ndawadyetsanso iwo manyazi. Muwapemphe alandire, ndagwira mwendo."

Dzanja linatulukira pansi pa mpanda nkuika katochi pa dothi. Mayi anamva zonse, koma mwambo ndi mwambo, ndinabwereza mawuwo limodzi ndi limodzi. Anakhala nthawi akusenda chinangwa chimodzi chomwecho. Kenako anayankha, akuyang'ana ine.

"Neusa, uwauze bambo a Gina kuti ine sindinakwiye. Wolakwa ndine. Ndinayamikira chinthu mwini wake asanakhute nacho, ndinamuika mwana wa eni pamoto mpaka ananama. Munthu amene sananamepo pamudzi pano, ndamunamitsa ndine ndi pakamwa pangapa. Uwauze atenge, avale, agwirire ntchito. Sindidzawavutitsanso."

Ndikanakonda akanawatukwana. Ndikanakonda akanaitanitsa mbuzi, kapena kuwathamangitsa pamudzi mwezi umodzi, chifukwa zimenezo munthu amalipira nkupuma. Mawu awa ndinawanena ndikulira, makamaka aja akuti mwana wa eni, amene mayi sanawatchulepo chikwatire a Lidiya. Kenako dzanja lija linabweranso nkutenga katochi.

Anavaladi, chifukwa anauzidwa kutero, ndipo akuvalabe. Koma amakalowetsa m'kati mwa malaya, ndipo amakayatsa pokhapokha mutu uli pansi pa matabwa.

Chodabwitsa cha malonda ndi chakuti mvula itatha, timatochi tija tinasefukira. Pa baraka ya a Hilal tinkalendewera pa chingwe mulu, takuda, tobiriwira, tina tokhala ndi kawenzulo kumchira. Ana asukulu ankasewera nato. A Hilal anaimba foni mokondwa, a Yonasi anapita, anagula katsopano ka m'pepala monga analonjezera, a Lidiya anakapereka. Mayi analandira, anati awathokoze, ndipo amakagwiritsa ntchito. Zinkhanira m'nyumba mwawo zinatha. Lonjezo linakwaniritsidwa, ndipo munthu wakunja akhoza kunena kuti nkhani inathera pamenepo.

Koma mayi anasunga mawu awo. Chiyambire tsiku la kuseri kwa mpanda sanayamikirenso kanthu ka a Yonasi. Nsomba ikabwera amati yafika. Boti likapakidwa penti amadutsa maso ali kunjira. Sawanyoza, sawanena kwa anthu, akadwala amawaphikira phala. Kungoti pakamwa paja pamene pankatuluka dzina lawo pachitsime ndi kutchalitchi panatsekeka. Ndipo a Yonasi, amene zaka zonse zija ankamva kuyamikiridwa atapereka msana ngati sizikuwakhudza, tsopano ndi pamene tinaona kuti ankakhalira zomwezo. Anayamba kupanga zinthu. Anakonzera mayi mpando, thandala la mbale, khola la nkhuku lokwera. Chilichonse chinalandiridwa ndi zikomo wouma.

Chaka chino anawapangira chitseko. Anatolera zidutswa za mbawa zotsala ku maboti, anazipala mpaka kusalala, anazilumikiza mwaluso moti mpata wolowa nyerere panalibe. Anachiika Lamulungu mayi ali kutchalitchi, kuti asakumane pakhomo. Pomwe tinkabwerako iwo anali kuseri kwa mpanda, atatembenuza njinga miyendo m'mwamba, akukonza tcheni chimene sichinawonongeke.

Mayi anaima pakhomo. Anatsegula chitseko, anatseka, anatsegulanso. Sichinalire. Anayendetsa chikhatho pa thabwa kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka ngati kale. Milomo inatseguka. Kenako anaitseka.

"Neusa, uwauze bambo a Gina kuti ndalandira."

Ine mtima unandipweteka, ndipo ndinaiwala kuti mpanda wa udzu subisa mawu.

"Amama, chitsekochi nchanu kale. Kuchiyamikira si kupempha ayi. Tangonenani kuti nchabwino, munthu wavutika."

"Nchabwino, ndikuchiona," anatero mayi motsitsa. "Koma ndikanena, mawa apanganso china. Ndipo ine masiku ano sindidziwa ngati akundipatsa kapena akulipira mlandu."

Analowa m'nyumba. Gudumu la njinga kuseri kuja linali litasiya kuzungulira. Ndinapita pampanda kuti ndikapereke uthenga monga mwa nthawi zonse, ndikusankha m'mutu mawu oti ndinene ndi oti ndisiye.

"Alamu, amama akuti..."

"Ndamva, alamu," anatero a Yonasi. "Musavutike."

Anatembenuza njinga, anatolera zipangizo zawo m'thumba, nkutsikira kudoko, kumene boti la munthu linali likuwadikira.